Denti ya Kumbuyo kwa Kafulu

Ine si munthu wa nkhani za mizimu. Wina akandiuza kuti waona chakutichakuti pamphambano, ndimayamba ndamufunsa kuti anamwa chiyani. Ndiye izi ndikulembazi musazitenge ngati zocheza. Ndinaziona ndi maso angawa, amuna anga anaziona, ndipo a Magetsi, amene amakonza mawaya a magalimoto kuseri kwa msika, analipo tsiku limene tinaliza injini. Mukawapeza afunseni, ngakhale masiku ano nkhaniyi ikangoyambika amapeza chochita kwina.

Bambo anga atamwalira tinasamukira kunyumba kwawo kuti tizisamalira Amayi. Tinali atatu: ine, amuna anga, ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi amene timamutcha Kanyerere, chifukwa shuga ngakhale mubise pamwamba pa kabati amamupeza. Pambali pa nyumbayo pali galaja yopapatiza ya chitseko chimodzi chamalata, ndipo m'menemo munali kagalimoto ka Bambo, kakang'ono, ka msana wozungulira. Tinkakatcha Kafulu. Chibadwire ine sindinakaonepo kakuyenda. Kanalowa chamutu, mphuno itatsala pang'ono kugunda khoma, ndipo kanakhala choncho zaka zoposa makumi atatu. Bambo ankangoti injini inafa. Kuntchito ankapita wapansi, kukagwa mvula ankakwera basi.

Amuna anga ntchito yawo ndi yowongola magalimoto ophwanyika. Munthu wotereyu kumuonetsa galimoto yadzimbiri kuli ngati kuonetsa mwana switi. Katundu wathu tisanamasule n'komwe, iwo anali atachotsa kale makatoni ndi matumba amene anaunjikidwa padenga la Kafulu, akuzungulira uku akuimba likhweru.

Amayi anawapeza ali chigwadire pafupi ndi tayala.

"Bambo a Kanyerere, kasiyeni kameneko."

"Amayi, kakungofuna dzanja basi. Tsiku lina tidzakutengani mutakhala kutsogolo ngati bwana."

"Ndati kasiyeni."

Chifukwa chake sananene. Ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinaikira kumbuyo mwamuna wanga. Ndinati, "Amayi, mukukakamira dzimbiri? Bambo anapita, chitsulo sichiwabweza." Anatembenuka n'kulowa kuchipinda. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Ntchito inayamba, Loweruka lililonse ndi Lamlungu masana. Mipando inali itasanduka mudzi wa makoswe. Pansi pa mapazi a woyendetsa dzimbiri linali litadya mpaka simenti inkaoneka. Amuna anga ankadula, kuwotcherera, kupala, ndipo bawuti iliyonse ankaiika m'chitini chakechake cholembedwa dzina. Munthu amene masokosi ake sadziwa kumene amakhala! Ndinkawaseka kuti ndapeza mkazi mnzanga wa matayala anayi, iwo n'kumati uyu ndiye sayankha.

Choyamba kutidabwitsa chinali injini. Anathira oilo, n'kuizungulitsa ndi sipanala, ndipo inazungulira bwinobwino popanda kukakamira. Madzulo akusamba m'manja anandiuza motsitsa mawu kuti, "Injini ija sinafe. Inangozimitsidwa."

Amisiri owongola ali ndi kachitidwe kawo. Asanapale penti amatenga maginito n'kumawayendetsa pathupi lonse la galimoto. Pamene pali chitsulo chenicheni maginito amamata. Pamene wina anabisa chilema ndi fila, phala lija limauma gwa ngati mwala, amagwa. Pa Kafulu anamata pazitseko, padenga, paboneti. Atafika kumbuyo, pakati penipeni pa chivundikiro cha buti, anagwa pansi.

Anapala. Fila wake anali wochindikala zala ziwiri, wopaka mwachisawawa, ndipo penti ya pamwamba inali ya burashi. Imeneyo sinali ntchito ya mmisiri. Pansi pake panali denti, pamene chitsulo chinalowa m'kati, yozungulira, kukula kwake ngati sosala ya kapu.

Amuna anga fila amadana naye. Amati ndi bodza lopaka penti, mmisiri weniweni amawongola. Masana omwewo anatenga hamala ndi kachitsulo kogwiriziza kuseri, n'kuyamba kugogoda. Go, go, go. Kuchipinda kwa Amayi wailesi inakwera, inakweranso. Pofika madzulo chivundikirocho chinali see, moti mukanatha kumeterapo ndevu.

Kutacha denti inali pomwepo.

"Chitsulo chakale chili ndi makani," anatero. Anachitenthetsa ndi moto, kuchiziziritsa ndi nsalu yonyowa, kuwongolanso. Kutacha inali pomwepo. Kachitatu anakhoma galaja ndi loko watsopano, kiyi n'kugona naye m'thumba. M'mawa tinatsegula tonse awiri. Denti inalipo, ndipo munali fungo. M'galaja mumanunkha petulo, oilo ndi penti. Tsiku limenelo munkanunkhira mafuta odzola ana, ngati mwana wangotuluka kumene m'bafa. Galu wa aneba, amene ankakonda kugona pamthunzi wa chitsekocho, anasiya kulowa pageti pathu.

Lachitatu lina cha m'ma 3 koloko masana ndinali pamakina anga osokera pafupi ndi zenera. Amuna anga anali kuntchito, koma anaiwala kukhoma. Ndinamva Kanyerere akulankhula m'galaja. Ndinamvanso kaphokoso, ngati zitsekerero za mabotolo zikugwedezedwa m'kachitini. Tcheke, tcheke, tcheke. Ndinamupeza atakhala pasimenti kumbuyo kwa Kafulu, miyendo atatambasula. M'manja mwake munalibe kanthu.

"Ukulankhula ndi ndani iwe?"

"Mnzanga."

"Ali kuti?"

"Apo. Akuti mutu ukumupweteka."

Kaphokoso kanasiya. Ndinamunyamula. Ndinadziuza kuti ana amapeka anzawo, ndi mmene amachitira. Amayi sindinawauze, ndipo ichi ndi cholakwa changa chachiwiri.

Tsiku loliza injini linali Loweruka, cha m'ma 10 m'mawa, dzuwa lili phwee. A Magetsi anali atamaliza mawaya ndi kuika batire. Amuna anga anali atawongolanso denti ija m'mawa womwewo, kachisanu ndi chiwiri, n'kupoperapo penti yotuwa yoyambira. Anati ikabwera ibwere, koma Kafulu lero atuluka aone dzuwa. Injini inatsokomola kamodzi. Kachiwiri inalira, utsi n'kudzaza bwalo, a Magetsi akuomba m'manja. Ine ndinakhala pakhonde Kanyerere ali pamiyendo panga.

Kenako Amayi anatuluka ndi ndodo yawo. Panali patatha masabata atatu asanaponde pakhonde.

"Mwana ali kuti?"

"Si uyu, Amayi. Ndamugwira."

"Mugwiritse. Manja onse awiri."

A Magetsi anaima pambali pa chitseko kuti azilondolera. Anayang'ana kumbuyo, anawerama n'kusuzumira kunsi. "Kulibe kanthu. Tiyeni, pang'onopang'ono." Giya inalowa. Kafulu anasuntha. Bampala inatuluka panja, matayala akumbuyo anadutsa pakhomo.

Phu.

Silinali phokoso lalikulu. Linali lofewa, lolemera. Injini inazima. Kenako tonse tinamva kachitini kakugubuduka pasimenti, zitsekerero zikumwazika. Pasimentipo panalibe kanthu. Panalibe chitini, panalibe mwala, panalibe galu. Denti inali pamalo pake, penti yatsopano itang'ambika mozungulira.

A Magetsi ananong'ona kuti, "Ndachiona. Chitsulo chalowa chokha ndikuyang'ana." Anatuluka pageti osatsanzika. Chikwama chawo cha zida anachita kutumiza mkazi wawo kudzachitenga.

Amayi anakhala pansi pasitepe. Ankalankhula akuyang'ana ndodo.

"Mkulu wako sanafe ndi malungo."

Ndinkadziwa kuti ine ndisanabadwe kunali mwana wina wamkazi. Chithunzi chake panalibe, dzina lake silinkatchulidwa.

"Anali ndi zaka zitatu. Bambo ako ankachedwa kupita kuntchito, anabweza galimoto mothamanga. Ine ndinali kuchapa kuseri. Ndinkayesa ali ndi iwo, iwo ankayesa ali ndi ine. Anakhala apo ndi kachitini kake." Analoza ndi ndodo. "Tsiku lomwelo bambo ako anakankha galimoto ndi manja kuibwezera m'kati. Atabwera kumanda anamata pamenepo okha. Chimatireni, pakhomo pano panali bata. Inu mwatsegula."

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. "Amayi, munalekeranji kutiuza? Miyezi inayi mukumva hamala!"

"Ukanakhala iwe ukanayamba ndi mawu ati?"

Amuna anga anali akadali pachiwongolero. Ndi pamene Kanyerere anandikoka bulauzi.

"Amayi."

"Chiyani?"

"Akuti watopa. Akuti tsopano ndikhalepo ine."

Tinakankha Kafulu ndi manja kumubwezera m'kati, monga anachitira Bambo. Amuna anga, munthu wodana ndi fila uja, anakagula chitini chathunthu n'kumata okha, misozi ili m'maso. Kutacha filayo tinamupeza pansi, wathunthu, atagwa ngati mbale. Anati ndiye angomudula Kafulu zidutswazidutswa, atuluke m'matumba. Gulayinda yodulira zitsulo itangokhudza denga, m'nyumba Kanyerere anakuwa. Ndinamupeza atagwira mutu, magazi akutuluka m'mphuno. Gulayinda itazima, magazi anasiya. Sitinayeserenso.

Galaja ili ndi khomo limodzi. Kafulu analowa chamutu. Kaya amuyendetse munthu, kaya akokedwe ndi chingwe, potuluka ayenera kutuluka chambuyo.

Tinachotsa batire. Tinaika njerwa kumatayala onse anayi, maloko awiri pachitseko. Koma kawiri ndinamupeza mwanayo masana ataima panja pa galaja, mphumi atagunditsa pamalata, ali duu. Kachiwiriko ndinamufunsa kuti akutani. Anati, "Tikuyezana."

Pamphuthu ya chitseko cha kukhitchini timalemba ndi pensulo msinkhu wa Kanyerere. Madzulo amenewo ndinamuimika, ndinalemba mzere watsopano. Kenako ndinatenga tepi yanga yosokera ndi makiyi a galaja. Nditatsegula, ndinaona ndisanayeze n'komwe. Penti yong'ambika ija inali pamalo pake pakale, koma chitsulo cha pamenepo chinali chosalala. Denti inali itakwera m'mwamba.

Ndinayeza kuchokera pasimenti mpaka m'mphepete mwake mwa pamwamba. Ndinapita kukhitchini. Ndinayeza mzere wa pensulo. Ndinabwerera, ndinayezanso. Katatu. Ine ndine telala, tepi sinandinamizepo.

Sabata yomweyo tinamupititsa mwanayo kwa mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Analira njira yonse, ine ndinalira pobwerera. Anthu amatifunsa kuti bwanji osangogulitsa nyumbayo tonse n'kuchoka. Tigulitse kwa ndani? Aliyense wogula adzafuna galaja yake, ndipo choyamba adzachita ndi kukoka Kafulu chambuyo. Ndiye timakhala pano, kulondera maloko awiri. Amayi anamwalira chaka chatha osatchulabe dzina la mwana uja. Amuna anga kuntchito amawongola za eni ake, koma hamala sabwera nayonso kunyumba.

Papita zaka ziwiri. Mwana wanga ndimamuona patchuthi, kumeneko, kuno sabwera. Mano ake akutsogolo anaguluka ine kulibe. Mlamu akandiimbira foni kuti madiresi athina, nditumize ena, amadabwa kuti ndimasoka ofika bwinobwino osamuyeza. Sindimuuza kumene ndimatenga muyezo.

Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, dzuwa lili pamutu, ndimatsegula maloko aja ndili ndi tepi m'khosi. Fungo la mafuta a ana limandilandira. Nthawi zina kachitini kamalira kamodzi, ngati moni. Ndimayeza, ndimatuluka, ndimakhoma.

Kafulu ndi kagalimoto kakang'ono. Chivundikiro cha buti chimathera pamene payambira galasi lakumbuyo, ndipo galasi silipindika ngati chitsulo. Amuna anga ndinawafunsa kuti chidzachitike n'chiyani chitsulo chikatha. Anangodzuka n'kukaima panja.

Dzulo ndinayeza. Kwatsala zala zitatu kuti ifike pagalasi. Madzulo mlamu anaimba foni, akusangalala, akuti mwanayo masiku ano akudya bwino kwambiri.