Ngolo ya Dzungu la Atate

Mailesi ankawasowa atate ake. Ankawasowa m'mawa. Ankawasowa masana. Ankawasowa ngakhale posewera fulaye.

Atate ake ankagwira ntchito kutali, ku Kabwe. Ankakonza ngolo za sitima. Kwawo ku Zemba kulibe sitima. Kuli njinga, ng'ombe ndi tinjira ta fumbi. Mailesi anali asanaionepo njanji.

Tsiku lonyamuka, atate anadzala nthanga imodzi pachulu, kumapeto kwa munda.

"Dzungu lake tidzadyera limodzi," anatero atate. "Udzandisungire, mwanawe."

Mvula inagwa. Dzungu linakula. Linaposa mutu wa Mailesi. Linaposa ndowa. Linakulabe! Tsiku lililonse Mailesi ankapita kukaliona. Ankalisisita. Ankaliuza kuti, "Dikira. Atate abwera."

Nthawi yokolola inafika. Chimanga chinachoka m'munda. Mtedza unachoka m'munda. Dzungu linatsala lokha pachulu.

Lolemba amayi anamuitana.

"Mailesi, Loweruka ng'ombe azitayirira. Anthu atha kukolola. Zizidya mapesi m'minda yonse."

"Nanga dzungu, Amayi?"

"Ng'ombe zikaona dzungu sizilisiya, mwana wanga."

"Atate abwera liti?"

"Sabata yamawa."

Mailesi anawerenga masiku ndi zala. Ng'ombe zifika msanga. Atate afika mochedwa.

Amayi anali oyembekezera. Sakanatha kunyamula katundu wolemera. Mailesi anathamangira kwa amalume ake, a Yoweli. Iwo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Amalume anafika pachulu ndi njinga yawo. Analiyang'ana dzungu lija. Anavula chipewa.

"Iwe, ili ndi dzungu kapena mwana wa ng'ombe?"

Analikweza pakaliyala. "Mayo, msana wanga!" Njinga inapendama uku. Inapendama uko. Dzungu linatsala pang'ono kugwa. Amalume analitsitsa msanga.

"Tilidule pakati," anatero amalume. "Iwe theka, ine theka."

"Ayi, Amalume! Lodula limaola. Silingadikire Atate."

"Ndiye ulimeretse miyendo, liziyenda lokha."

Mailesi anabwerera kunyumba ali ndwii. Anapempha foni ya amayi. Ankafuna kuona nkhope ya atate. Anapeza chithunzi chimene atate anatumiza kale.

Pachithunzipo atate anaima pafupi ndi ngolo ya sitima. Inali ngolo yaitali. Inalibe denga. Inalibe zipupa. Inanyamula chibokosi chachikulu cha magetsi. Dzina lake ndi thiransifoma. Pansi pa chithunzi atate analemba kuti: "Katunduyu amalemera kuposa njovu khumi."

Mailesi anayang'ana atate. Kenako anayang'ana ngolo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndipanga yanga," anatero.

Lachiwiri anapeza thabwa. Amalume anamupatsa waya ndi masipoko akale. Magudumu anali tizitini ta polishi. Tinalipo tinayi. Mailesi anatidzaza ndi dongo kuti tilimbe.

Anakokera ngolo pachulu. Amalume anagubuduzirapo dzungu.

Phwaa! Magudumu onse anayi anaphwanyika.

"Pepa, injiniya," anatero amalume. "Ndibweretse mpeni?"

"Musabweretse."

Mailesi anatenganso foni. Nthawi ino anawerenga magudumu. Limodzi, awiri, atatu... Anali khumi ndi asanu ndi limodzi!

"Amayi, onani! Magudumu ndi ambiri. Lililonse likunyamulako pang'ono."

"Ngati azimayi ponyamula denga la nkhokwe," anatero amayi. "Mmodzi sangathe. Ambiri amatha."

Lachitatu Mailesi anayenda khomo ndi khomo.

"Odi! Muli ndi kachitini ka polishi kotha?"

Ena anamupatsa kamodzi. Ena anamupatsa tiwiri. Aphunzitsi a Monika anamupatsa tisanu. Iwo amakonda nsapato zowala. Mailesi anadzaza tonse ndi dongo. Anatiyanika padzuwa.

Lachinayi ngolo inali ndi magudumu khumi ndi asanu ndi limodzi. Amalume anagubuduzirapo dzungu. Magudumu sanaphwanyike!

Mailesi anakoka chingwe. Ngolo inayenda pang'ono. Dzungu linagwedezeka pamwamba pa thabwa. Gwedegwede, gwedegwede. Kenako, gubudu! Linagwera m'mapesi.

Mailesi anathamanga. Analifufuza mbali zonse. Silinasweke. Koma misozi inatuluka.

"Atate akanakhalapo, akanadziwa chochita," anatero.

Amalume sanaseke. Anakhala naye pachulu.

"Iwo ali kutali," anatero amalume. "Koma ngolo yawo ili mufoni. Kaifunsenso."

Mailesi anaonanso chithunzi. Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Anaona chinthu chatsopano. Ngolo ija sinali yofanana ponseponse. Kutsogolo inali yokwera. Kumbuyo inali yokwera. Koma pakati inali yotsika, pafupi ndi njanji. Katundu anakhala pamalo otsikapo. Anakhala phee, ngati dzira m'chisa.

Lachisanu amalume anacheka thabwa pakati. Panakhala tingolo tiwiri. Kalikonse kanali ndi magudumu asanu ndi atatu. Mailesi anatilumikiza ndi nsungwi ziwiri. Pakati anamangirira beseni lakale la amayi. Linalendewera pansi, pafupi ndi dothi.

Dzungu linalowa m'beseni. Linakhala phee.

Mailesi anakoka. Ngolo inayenda! Inayenda mpaka pamchenga. Pamenepo magudumu anatitimira. Anakoka. Anakokanso. Ngolo inakana.

"Sitima siyenda pamchenga," anatero Mailesi. "Imafuna njanji."

Amalume anakanda m'mutu. Kenako anatenga chikwanje. Anang'amba nsungwi ziwiri zazitali. Zinakhala zinayi, zonga timigula ta madzi.

Loweruka linafika. M'mamawa Mailesi anamva mabelu a ng'ombe. Ngele, ngele, ngele. Makola anali atatsegulidwa.

Anayala nsungwi ziwiri panjira. Magudumu analowa m'timigula. Ngolo inatsetsereka bwinobwino. Anayala zina ziwiri kutsogolo. Zakumbuyo anazinyamula. Anaziyalanso kutsogolo.

Ana a m'mudzi anaona. Anabwera mothamanga.

"Tithandize nawo?"

"Inu nyamulani njanji," anatero Mailesi. "Amalume ndi injini."

"Injini yake yopweteka msana," anatero amalume. Komabe anagwira chingwe. "Puuu! Chokani panjanji!"

Ng'ombe yakuda inatulukira m'mapesi. Inanunkhiza. Inayamba kutsatira ngolo. Mailesi anaima pakati, manja ali tambalale.

"Choka! Ili ndi la Atate!"

Ng'ombe inamuyang'ana. Inapukusa mutu. Inabwerera kumapesi.

Yala, koka, nyamula. Yala, koka, nyamula. Dzuwa lili pamutu, ngolo inafika pakhomo. Amayi analuluta. Dzungu linalowa m'nyumba lili lathunthu.

Mailesi anadikira. Lamulungu linapita. Lolemba linapita. Akamva kulira kwa galimoto, ankathamangira kumsewu. Ankabwerako yekha.

Lachinayi masana minibasi inaima pamsewu. Munatsika munthu wamtali wonyamula chikwama. Mailesi anathamanga. Patapata imodzi inatsalira m'njira.

"Atate! Atate!"

Atate anamunyamula m'mwamba. "Ee, watalika chonchi? Ndani wakuloleza?"

Amayi anaphika dzungu. Linali lotsekemera ngati uchi. Anadya atate. Anadya amayi. Anadya amalume ndi ana onse onyamula njanji. Linatsalabe.

Kenako atate anaona ngolo. Anagwada pansi. Anawerenga magudumu. Anagwira beseni.

"Wakuuza ndani kuti pakati pazikhala potsika?"

"Chithunzi chanu, Atate."

"Wachita bwino. Katundu akakhala pansi, sagwa. Komanso amadutsa pansi pa milatho osagunda. Koma kwathu kuntchito, ngolo yatsopano timaiyesa kaye."

Atate anakhala m'beseni. Mawondo anafika kumakutu. Ana anakoka chingwe.

Tswaa! Nsungwi inathyoka. Magudumu anabalalika pabwalo ponse. Atate anakhala pansi, miyendo m'mwamba. Amayi anaseka mpaka kugwira chipupa.

"Pepa, mwanawe," anatero atate. "Ndaswa ndine. Ndikonza ndine. Ndi ntchito yanga."

"Mubwerera liti ku Kabwe?"

"Ngolo isanakonzeke? Sindingachoke. Tikonzera limodzi."

Onse anayamba kutola magudumu. Mailesi anatola limodzi pafupi ndi nkhokwe. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Analiponya m'thumba la diresi.

Atate anawerenga. "Khumi ndi asanu. Limodzi likusowa."

Anayang'ana thumba la Mailesi. Linali lotupa. Atate anamwetulira.

"Kaya lapita kuti," anatero atate. "Tilifunafuna mawa. Tikalephera, tidzalifunafuna mkuja."

Mailesi anawagwira dzanja. Sanalisiye.