Chithunzi Chopita kwa Kalonga Reinhold

Tsiku limene Violante anamuona koyamba, mnyamatayo anali atagwada m'munda wa malalanje kunyumba yachifumu ya Castelvento, akupera timiyala ta buluu. Zala zake zinali utoto wokhawokha.

"Ndiye ndinu mwabwera kudzandiyeza ngati hatchi ya pamsika?" anafunsa Violante.

Mnyamatayo anadzuka n'kuwerama. "Ndine Gillis, Dona. Ndabwera ndi kazembe wa Kalonga Reinhold kudzajambula nkhope yanu. Mano okha sindiwerenga."

Violante anangozindikira akuseka.

Nkhani yonse ankaidziwa. Bambo ake, Mfumu Baldassare, anali ndi mzinda wokongola koma asilikali ochepa, ndipo adani anali atamanga kale misasa tsidya la mtsinje. Kalonga Reinhold wa kuseri kwa mapiri anali ndi asilikali zikwizikwi, koma analibe mkazi. Chithunzicho chikakamukomera m'maso, ukwati uchitika ndipo asilikali abwera. Chikakapanda kumukomera... palibe ankafuna kumaliza mawuwo.

M'mawa uliwonse Violante ankakhala pazenera atavala diresi lake lobiriwira, azakhali ake a Ippolita akuwodzera pakona, kolona ili m'manja.

"Musayang'ane khoma, Dona. Yang'anani ine."

"Pali chiyani choti ndione pa inu?"

"Munthu amene waiwala dzina lake chilowereni muno."

Mtima wa Violante unagunda ngati belu la tchalitchi. Akalonga ankamutumizira mikanda ndi mbalame zolankhula, koma ndani anamulankhulapo chonchi?

Sabata yachiwiri anapeza kakalata m'golovesi yake.

"Duwa langa la lalanje, lero ndasakaniza mitundu isanu ndi iwiri, koma palibe wofika pa milomo yako. G."

Anakawerenga kakhumi! Kenako anayankha, n'kubisa yankholo pansi pa bokosi la utoto: "Wabodza iwe. Ulembenso mawa."

Ndipo analembadi, tsiku ndi tsiku.

Azakhali akayamba mkonono, Gillis ankanong'ona za kwawo. Ankanena za mzinda wa ngalande zamadzi, kumene ngalawa zimadutsa pansi pa mazenera, ndi za kanyumba kofiira konunkhira buledi wotentha.

"Kumeneko sudzakhala mphatso ya mfumu iliyonse, njiwa yanga. Udzakhala wanga basi."

"Ndipo ndizidzatani tsiku lonse?"

"Uzidzandiperera utoto, n'kumandinyoza."

"Kunyozako ndimatha," anatero Violante.

Ankatseka maso n'kudziona ali pakhomo la kanyumbako, tsitsi lili lomasula, manja ali buluu ngati a Gillis. Za misasa ya adani ankazikankhira kutali. Bambo akapeza njira ina. Kodi mafumu sapeza njira nthawi zonse?

Chithunzi chitatha, okwera pamahatchi anachikulunga n'kuwoloka nacho mapiri. Gillis anatsala ndi kazembe, kudikira yankho.

"Kalonga akavomera, tithawa," anamulonjeza kuseri kwa mtengo wa lalanje, atagwira dzanja lake pachifuwa. "Ngalawa yonyamula ubweya imanyamuka Loweruka lililonse. Ndikulumbira, moyo wanga, sindikusiya."

Patatha milungu isanu, masana dzuwa lili pamutu, mabelu a mzinda wonse analira. Kalonga wavomera! Anthu anakhamukira pabwalo, akuvina ndi kuponya zipewa m'mwamba.

Violante anakweza diresi lake n'kuthamangira kuchipinda chojambulira. Mawa linali Loweruka!

Chitseko chinali chotseguka pang'ono. M'katimo kazembe, bambo wonenepa wotchedwa Dietmar, ankaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wa mfumu ya kunyanja uja unamujambula maso ali ngati a nsomba yakufa, kalonga anakana. Nanga uyu unamuyatsa bwanji?"

"Monga munandilangizira, bwana," anayankha Gillis. "Timakalata, timawu totsekemera. Mtsikana akagwa m'chikondi, maso amajambulika okha."

"Mkazi wako akadzamva, udzagona panja!"

"Katelijne? Iye sangadandaule. Theka la makalatawo ndinangokopera amene ndinkamulembera iye tili pachibwenzi."

Violante anagwira khoma. Mkazi? Ndiye kanyumba kofiira kaja kanali ndi mwini wake kale, akuphika buledi, akudikira mwamuna wake?

Anakankha chitseko. Kuseka kunathera pakhosi.

"Dona..." anayamba Gillis.

"Lero ndabwereranso kukhala Dona?"

Gillis anayang'ana pansi.

"Ndiuze chimodzi chokha. Pa zonse zija, panali mawu amodzi oona?"

"Mzinda wanu upulumuka," anatero motsitsa mawu. "Chithunzi chozizira sichikanabweretsa msilikali ndi mmodzi yemwe."

"Sindinafunse zimenezo."

Gillis anangotseka bokosi lake la utoto.

Violante anatembenukira kwa kazembe. Mawu ake sananjenjemere, mpaka iye mwini anadabwa.

"Kauzeni kalonga wanu kuti ndikubwera, ndipo asilikali ake anyamuke msanga. Koma munthu uyu asadzaponde m'nyumba imene ine ndikukhala."

"Zamveka, Dona," anatero Dietmar, akuwerama mpaka chipewa kugwa.

Violante anakwera masitepe yekha kupita pakhonde lam'mwamba, pamene bambo ake anali ataima moyang'ana khamu la anthu. Pansipo azimayi ankanyamula makanda awo m'mwamba kuti amuone. Nkhalamba ina inagwada pamiyala, ikufuula dzina lake.

Mfumu Baldassare anamugwira dzanja. Kwa miyezi yambiri Violante anali asanaone bambo ake akumwetulira chonchi.

"Ukulira, mwana wanga?"

"Ndi chimwemwe, bambo."

Violante anakweza dzanja n'kubayibitsa anthu ake, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu.