Nkhuku Zotoledwa Padzala

Sakina anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Utale ndi amayi ake, Abiti Sidiki. Bambo ake anali atamwalira. Pakhomo panatsala anthu awiri basi.

Sakina ankafuna nkhuku yakeyake. Pakhomo panali nkhuku zisanu. Zonse zisanu zinali za amayi.

Loweruka lina amayi anapita ku Balaka kukagula mchere ndi palafini. Anabwera pa sitima. Anabwera atakwiya. M'manja ananyamula chinthu chokulunga m'nsalu. Chinthucho chinkagwedera.

"Amayi, mwatenga chiyani?" anafunsa Sakina.

"Ndatenga manyazi a anthu," anatero amayi. "Taona."

Amayi anamasula nsalu. Munali nkhuku ziwiri. Koma nkhuku zake! Pakhosi panalibe nthenga. Pamsana panalibe nthenga. Milomo inali yodula kunsonga.

"Ndazitola padzala," anatero amayi. "Kuseri kwa famu ya mazira. Azitaya zamoyo."

"Zinalakwa chiyani?"

"Zakalamba. Zasiya kuikira. Zaka ziwiri munthu wadya mazira ake. Lero akuzitaya ngati chitini. Zitenge, ndi zako."

Kodi n'zabwino zimenezo? Iyayi. Si zabwino.

Sakina anazipatsa mayina. Ina anaitcha Nadazi, chifukwa cha dazi lake. Ina anaitcha Nachete, chifukwa sinkalira.

Nadazi ndi Nachete anakulira m'timakola ta waya. Sankadziwa dothi. Sankadziwa kupalasa. Sankadziwa kuthawa. Anangoima pabwalo, njenjenje.

M'mudzimo aliyense ankaika chizindikiro pa nkhuku zake. Amayi anang'amba kansanza kofiira. Anamanga kena pa phiko la Nadazi. Anamanga kena pa phiko la Nachete.

"Wina asadzati ndi zake," anatero amayi.

Pakhomopo panali thadzi lalikulu lakuda. Dzina lake linali Abiti Ndewu. Iye ndiye ankayamba kudya. Iye ndiye ankayamba kumwa.

Abiti Ndewu anayang'ana alendowo ndi diso limodzi. Anawayang'ananso ndi diso linalo. Kenako anathamanga. Jo! Anajompha Nadazi pa phiko. Jo! Anajompha Nachete. Nkhuku zina zinayi zinabwera kudzathandiza.

Nadazi sanabwezere. Akanabwezera ndi chiyani? Mlomo anamudula anthu.

Pamsana pa Nadazi panatuluka magazi.

M'mawa mwake kunabwera Che Hassani. Che Hassani anali amalume a Sakina, alongo a amayi ake. Iwo ndiwo ankazinga nkhuku pakhomopo, poti panalibe mwamuna wina.

Che Hassani anayang'ana Nadazi. Anaseka.

"Achemwali, iyi ndi nkhuku kapena mleme?"

"Ndi nkhuku, achimwene. Inunso dazi muli nalo. Takutayani padzala?"

Che Hassani anakonza chisoti chawo. Anasiya kuseka.

"Tamverani," anatero. "Nkhuku iyi ikufa. Ikafa yokha ndi haramu, sitingadye. Lachisanu ndikachoka ku mzikiti ndidzera pano. Ndikaipeza ikudwalabe, ndizinga zonse ziwiri."

"Amalume, ndi zanga," anatero Sakina.

"Zako, eya. Ndiye udzadya chiwindi."

Sakina anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Nadazi.

"Zikamavutika chonchi, amalume ako akunena zoona," anatero amayi. "Sindinazitole kuti zidzafere pano pang'onopang'ono."

Sakina anawerenga zala. Lachisanu silinali kutali.

Lolemba Sakina anathyola kamtengo. Abiti Ndewu akayandikira, Sakina ankamukusa.

"Choka, mfiti iwe. Choka."

Abiti Ndewu ankachoka. Sakina akatembenuka, Abiti Ndewu ankabweranso. Jo! Sakina anapita kukatunga madzi. Pobwera anapeza magazi ena.

Kamtengo sikanathandize.

Lachiwiri Sakina anatenga dengu. Anavindikira Nadazi ndi Nachete. Abiti Ndewu sanathe kuwajompha.

Koma m'dengu munali mdima. M'dengu munkatentha. Sakina anasuzumira. Nadazi anali atayasama kukamwa. Nachete anali atagwetsa mapiko.

Sakina anakwiya. Anakankha dengu ndi phazi.

"Mwachoka m'ndende, mulowenso m'ndende? Wolakwa ali panja, akudya madeya. Iyayi."

Dengu silinathandize.

Lachitatu m'mawa kunabwera uthenga. Amayi onse apite kubwalo la sukulu. Akayeserere gule wa kumsonkhano wa chipani. Palibe anafunsa ngati akufuna. Masiku amenewo sankafunsa.

Abiti Sidiki anamanga nsalu mokwiya.

"Chinangwa changa chisinjidwa ndi gule?" anatero chapansipansi. "Sakina, usachoke pakhomo."

Sakina anakhala pakhonde. Kamtengo analibe. Dengu analibe. Anali atatopa. Anangokhala, n'kumayang'ana.

Anayang'ana Abiti Ndewu. Abiti Ndewu anapita kwa Nachete. Sanajomphe mutu. Sanajomphe mwendo. Anajompha kansanza kofiira.

Anapita kwa Nadazi. Anajompha kansanza kofiira. Kenako anajompha chilonda. Chilondacho chinali chofiira.

Sakina anali ndi mikanda pamkono. Inali yoyera, yobiriwira ndi umodzi wofiira. Anatambasula mkono pansi. Anakhala duu.

Abiti Ndewu anabwera. Anapendeketsa mutu. Mikanda yoyera anaisiya. Yobiriwira anaisiya. Jo! Anajompha wofiira uja.

Zinamupweteka Sakina. Koma Sakina anaseka.

"Ndakugwira, Abiti Ndewu. Ndakugwira."

Sakina anamasula kansanza ka Nadazi. Anamasula kansanza ka Nachete. Koma chilonda sungachimasule. Atani?

Analowa m'khitchini. Anatenga makala. Anawapera pamwala mpaka anasalala. Anathirako mafuta a nsatsi, amene amayi ankadzola kumapazi. Anatakasa ndi chala. Zinada bii.

"Usaope, Nadazi," anatero Sakina. "Ndikukuveka malaya."

Anapaka pamsana pa Nadazi. Anapaka pang'onopang'ono. Anapakanso Nachete. Pofiira ponse panada.

Abiti Ndewu anabwera. Anayang'ana ndi diso limodzi. Anayang'ananso ndi diso linalo. Anazungulira Nadazi. Chofiira sanachione. Anajompha kamodzi, mwaulesi. Kenako anapita kukapalasa.

Dzuwa litapendeka amayi anabwera. Mapazi anali atatupa. Anaona nkhuku zakuda msana. Anaona tinsanza tili pansi.

"Sakina. Wachotsa chizindikiro changa ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndi mafuta anga awa? Ine ndavina tsiku lonse ndi njala. Iwe ukudzoza nkhuku?"

"Amayi, khalani pansi muone."

"Sindikhala."

Sakina anatola chitsononkho. Anachimanga kansanza kofiira. Anachiponya pabwalo.

Abiti Ndewu anathamanga. Zinzake zinayi zinathamanga. Jo! Jo! Jo! Chitsononkho chinagubuduka uku ndi uku. Pa chitsononkho panalibe njere ngakhale imodzi.

Amayi anakhala pansi.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti ndine," anatero. "Ndazichotsa padzala, n'kuzimangira ndewu pa phiko. Ine ndi manja angawa."

"Simunadziwe, amayi."

"Kusadziwa sikuchiritsa chilonda. Bweretsa mafuta aja ndi makala. Kukhosiku sunapake bwino."

Amayi anapaka okha. Mapazi awo anagona osadzola.

Lachinayi panali vuto lina. Abiti Ndewu anaima pa phale la madeya. Nadazi akayandikira, ankamuthamangitsa. Nachete akayandikira, ankamuthamangitsa.

"Ngakhale wakhuta, safuna mnzake adye," anatero amayi. "Anthu otere ndimawadziwa."

Sakina anatenga phale lachiwiri. Analiika kuseri kwa nkhokwe. Anathiramo madeya ambiri. Anawanyowetsa ndi madzi, poti mlomo wodula sutola zouma.

Abiti Ndewu anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Nadazi anadya pabwalo. Abiti Ndewu anathamangira pabwalo. Nachete anadya kuseri kwa nkhokwe. Uku, uko. Uku, uko.

Abiti Ndewu anatopa. Anakagona pamthunzi. Nadazi anadya. Nachete anadya. Anadya mpaka anakhuta.

Lachisanu linafika. Sakina anapakanso makala. Zilonda zinali zitauma. Koma nthenga zinali zisanamere. Nthenga sizimera tsiku limodzi.

Masana kunamveka mawu kunjira.

"Odi pano. Salaamu aleikumu."

Anali Che Hassani. Anavala mkanjo woyera mbee. M'manja munali mpeni. Mpeniwo anali ataunola.

"Aleikumu salaamu, achimwene," anayankha amayi. "Mpeni mwapita nawo ku mzikiti?"

"Ndadzera kunyumba. Zili kuti nkhuku zija?"

Sakina anayang'ana pabwalo. Nachete anali pa phale. Nadazi sanaoneke.

Anamupeza pansi pa mpapaya. Nadazi anali atagona chammbali m'fumbi. Mwendo umodzi unkapalapata. Phiko linali tambalale. Maso anali otseka.

"Ndinanena ine," anatero Che Hassani. "Ikutsirizika. Patuka, Sakina, ndiizinge isanafe."

Sakina sanapatuke. Anaima pakati pa amalume ndi Nadazi. Anayang'anitsitsa Nadazi, ngati mmene anachitira Lachitatu.

Nadazi anakanda fumbi ndi mwendo. Analiponyera pamsana. Anatembenukira mbali ina. Anakandanso.

"Amalume, dikirani. Sakufa. Akusamba."

"Kusamba? Nkhuku yopanda nthenga isamba chiyani?"

"Nanga inu simusamba kumutu?" anatero amayi.

"Achemwali, nthawi ikutha."

"Mwana wati dikirani. Mpeni ndi wanu, nkhuku ndi zake. Nkhuku iyi yakhala zaka ziwiri pa waya. Fumbi yaliona lero. Musiyeni asambe."

Che Hassani anawerama kuti aone bwino. Anayandikira. Anayandikiranso.

Nadazi anatsegula maso. Anadzuka. Anaima nji. Kenako anadzikutumula thupi lonse. Phu!

Fumbi linauluka. Makala anauluka. Zonse zinagwera pa mkanjo woyera uja.

Che Hassani anayetsemula. Anayang'ana mkanjo wawo. Unali mathothomathotho.

Nadazi anayenda pang'onopang'ono kupita ku phale. Abiti Ndewu anali pomwepo. Anamuyang'ana ndi diso limodzi. Kenako anasendera. Anadya onse awiri, phale limodzi.

"Hm," anatero Che Hassani. "Nkhuku yodwala sichita mwano chonchi."

"Ndiye simuzinga, amalume?"

"Ndizinge yamoyo bwinobwino? Uzisunge. Koma uiphunzitse ulemu."

Amayi anaseka mpaka misozi. Sakina anali asanawamve akuseka chotero chimwalirireni bambo ake.

"Achimwene," anatero amayi, "mpeni mwanola kale. Usabwerere wopanda ntchito."

Analoza m'mwamba. Mumtengo munali papaya lakupsa. Sakina analigwetsa ndi nsungwi. Che Hassani analidula patatu. Anakhala onse pakhonde, n'kumadya.

Makoko anawaponya pabwalo. Nkhuku zinathamangira. Sakina anaziwerenga ndi chala chonona papaya.

Zinali zisanu ndi ziwiri. Zonse zinali zamoyo.