Mbaula Yopanda Utsi

Chinayamba ndi kandulo. Norah anaiyatsa yekha m'chipinda chimene anakhazikamo mng'ono wake, Ketty, namfedwa, ndipo poyamba inkayaka bwinobwino. Koma usiku utakula, lawi lija linayamba kufupika, kufupika, mpaka kutsala kadontho kofiira, chonsecho m'chipindamo munalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Anasintha kandulo. Yatsopanoyo inachitanso chimodzimodzi.

Maliro anali a Cephas, mwamuna wa Ketty. Ankalondera nyumba ina ku Kabulonga, imene mwini wake anaitseka n'kubwerera kwawo kampani itagwa, monga ankachitira ambiri zaka zimenezo. Anamupeza m'mawa m'kanyumba ka pageti, chitseko chotseka, ali khale pampando, chikhoti chili m'thupi. Analibe bala, ndipo nkhope yake inali yosalala ngati ya munthu amene wagona atakhuta. Katundu wake anabwera kunyumba kwawo ku Mtendere m'thumba limodzi: tochi, chibonga, ndi hita ya gasi imene bwana uja ankapita nayo kutchire pokagona m'matenti, kachitsulo kokhala pamutu pa botolo lobiriwira.

Juni wa chaka chimenecho analibe chisoni. Makala anali atakwera mtengo, magetsi ankangobwera kudzasuzumira n'kupita. Amuna ankaotha zitsa panja, amayi ankagona mkati pasimenti, mipando itatulutsidwa. Namfedwa satuluka kukaotha. Amakhala pakona pake atafunda kumutu mpaka mwamuna wake ataikidwa, ndipo kuikako kunachedwa, poti amayi ake a Cephas anali asanafike kuchokera ku Petauke.

Amene anayatsa hita ija anali Webster, mkulu wake wa malemu, wokhala ku komboni ya George. Musaganize kuti unali mtima wabwino, ayi ndithu. Munthuyo ankafuna aone ngati chinthucho chikugwira ntchito, poti diso anali ataika kale.

"Iyi ni mbaula ya bazungu, mulamu," anauza Ketty. "Ilibe chusi. Mungagone nayo mpaka kuseni."

Ndani sadziwa kuti mbaula ya makala sagona nayo m'nyumba? Ngakhale mwana amadziwa. Koma iyi inalibe utsi, inalibe phulusa, inkangofiira chete n'kumalira pansipansi kuti siii. Amayi anaiyamikira, natseka chitseko kuti kufunda kusathawe.

Kutacha, onse amene anagona m'chipinda cha namfedwa anadzuka mitu ikuwawa ngati awamenya ndi musi. Wina anasanza. Ketty anakanika kuimirira. Koma a pabalaza anadzuka bwinobwino, ndipo mpamene manong'onong'o anayambira. Ena amvekere Cephas sanafe imfa yake. Ena amvekere munthu wamphamvu zake samangouma pampando, ndipo amene amamuphikira ndi amene akudziwa.

Usiku wotsatira Norah anagona pafupi ndi mng'ono wake. Nyimbo za panja zinazirala, agalu a kumsika anauwa n'kutopa, kunja kunangoti zii. Kandulo inafupikanso. Mtima wake unayamba kugunda ngati wathamanga, miyendo inalemera, ndipo khoma linkaoneka ngati likusendera kwa iye. Kenako chala chinamukodola m'nthiti.

"Ba Norah," Ketty ananong'ona. "Mwamvela?"

"Chani?"

"Bapuma. Ba Cephas. Bali apo pa chiseko."

Norah anatchera khutu, tsitsi lili nyaunyau. Panalidi mpweya wautali, wosadukiza, wa munthu amene akutulutsa koma osakoka. Anakwawa pamwamba pa miyendo ya anzake n'kutulukira kuseri kumene ankaphikira tiyi, ndipo atakhala kanthawi pamphepo, mutu unapepuka. Anadzitukwana yekha kuti ndi wamantha, nabwerera mkati.

M'mawa nkhani inafika kwa a Sophie, azakhali a malemu, mayi wa pakamwa posatseka.

"Ni chibanda icho," anatero. "Chingena pa mibowo. Valani ponse!"

Anatseka ndithu. Tizibowo ta mphepo ta pamwamba pa zenera anatiphatika manyuzipepala, pansi pa chitseko anapanikizapo chitenje. Amayi angapo anasamukira pabalaza, nkhope zitadzaza mantha. Usiku umenewo kandulo inazimiratu yokha, ndipo kutacha Ketty sanadzuke. Anamugwedeza, anamuitana, anamunyamulira pakhomo n'kumuthira madzi, ndipo mpamene anatsegula maso, osazindikira aliyense.

Norah analira mokweza, osati kulirira Cephas. Mwana ameneyu, Ketty, anamulera yekha kumsana amayi awo atamwalira, anamutafunira chakudya, anamuperekeza ku ukwati. Tsopano ankamuona akuchoka pang'onopang'ono usiku uliwonse, iye ali pompo.

"Nimupeleka ku kiliniki," anatero.

"Awe!" a Sophie anamudula. "Mwamuna akali ku mochale, mukazi ayambe kuyendayenda? Ngati ba Cephas bamuitana, baziba chamene bamuitanila."

Pamaliro a eni sutukwana. Koma Norah analumbira mumtima kuti usiku umenewo sagona, ndipo chimene chikubwera chiyambe ndi iye.

Madzulo ake, amayi a ku Petauke atafika anthu n'kuyambanso kulira, Norah anaona Webster akuzemba kuseri kwa nyumba ndi thumba lolemera paphewa. Atalowa m'chipinda, hita panalibe, wailesi ya malemu nayonso panalibe. Fisi wa munthu, m'bale wako asanalowe n'komwe m'manda! Anangomusiya, poti mphamvu yolimbirana zitsulo analibe.

Usiku umenewo anazizidwa mpaka mano kugundana. Norah anakhala tsonga kudikira mpweya uja, koma sunabwere. Kandulo inayaka choimirira mpaka kutha. Kutacha Ketty anapempha phala, ndipo amayi a mpingo anakweza manja kuti mapemphero agwira ntchito.

Cephas anaikidwa. Abale ake anasesa nyumba n'kutenga bedi, makina osokera, mapoto, n'kumusiyira Ketty mphasa ndi bulangete. Norah anabwerera kwake ku Chawama kukapitiriza kugulitsa tomato, mtima uli pansi kuti mng'ono wake watsala wamoyo.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina masana, mayi wina wa ku Mtendere anaima pa thebulo lake, maso ali tong'o.

"Simunamvele? Ba Webster bafa! Banabapeza mu nyumba yawo ku George, chiseko chokhoma, bali nkhale pa bedi monga bagona chabe. Ati ba Cephas banabwela kuzatenga katundu wawo. Manje babululu ba malemu bayopa, babweza vonse kuli ba Ketty lelo pa wilibala. Bedi, mashini, na mbaula ija ya bazungu."

Tisabise, Norah anakondwa. Anati Mulungu sagona, ndipo anagulitsa tomato wake akuimba.

Kutada magetsi anazima monga mwa masiku onse. Anayatsa kandulo, nakhala pansi kuti achotse nsapato. Lawi linaima lalitali, likugwedezeka ndi kamphepo kolowera pansi pa chitseko. Analiyang'ana, naliyang'ananso. Kanyumba ka pageti, chitseko chotseka. Chipinda cha namfedwa, chitseko chotseka. Chipinda cha Webster, chitseko chokhoma. Monsemo munali chinthu chimodzi chokha, ndipo usiku umene chinachoka, kandulo inayaka. Chinthu chimenecho tsopano chinali kwa Ketty, ali yekha, kunja kukuzizira chonchi.

Anatuluka osatseka n'komwe nyumba. Minibasi ya m'tauni inkaima paliponse, ya ku Mtendere inakana kunyamuka isanadzaze, iye akungopempha kondakitala ngati wamisala. Atatsika anathamanga mumdima, akupunthwa m'miyala, chitenje chili m'manja.

Nyumba ya Ketty inali bii. Anagogoda. Anaitana. Anagwada kuti asuzumire pansi pa chitseko, napeza nsalu yopanikizidwa bwinobwino. Anaika khutu pathabwa, ndipo anaumva mpweya uja, wautali, wosadukiza: siii.

"Thandizeni! Ba Fred, bwelani na nkhwangwa!"

Anatola mwala n'kuswa zenera. Fred, woyandikana naye nyumba, anafika ali chifuwa pamtunda, namenya loko mpaka chitseko chinagonja. Mkati munali mofunda bwino, mwaudongo, katundu yense ali m'malo mwake. Pakona hita inali psuu, ndipo pabedi lobwezedwa lija Ketty anali atagona chagada, atafunda chikhoti cha mwamuna wake, nkhope ili yosalala.

Anamukokera panja pafumbi. Fred anabwerera mkati atagwira mphuno, natseka gasi, phokoso lija n'kutha. Norah anamugwedeza mng'ono wake, anamuomba mbama, anamupumira m'kamwa, akumuitana ndi mawu amene ankamudzutsira ali mwana. Anthu anazungulira ndi matochi, wina anathamanga kukafuna galimoto, ena anayamba kale kusisima.

Kenako chifuwa chinakwera. Ketty anakoka mpweya wautali, anatsokomola, anasanza, natsegula maso. Anayang'ana nyenyezi, anayang'ana mkulu wake, ndipo misozi inatsikira m'makutu.

"Mwanibwezela chani, ba Norah?" ananong'ona. "Ba Cephas benze banigwila kale kwanja."

"Ni gasi, mwana wa amayi. Ni gasi chabe. Kulibe munthu."

Anatero molimba, kuti onse amve. Ndiyeno anamufungatira, namusisita mapewa, mikono, thupi lonse lili lofunda ndi kutentha kwa m'nyumba muja. Atafika pa dzanja lamanja anaima. Linali lozizira ngati simenti, zala zitapindika ngati zagwira zala zina. Norah sanauze munthu. Analowetsa dzanja lake m'menemo, nagwira zolimba, ndipo sanalitaye mpaka kunja kunayera.