Nsomba za Levison

Nsomba yachitatu inayandama chagada Lachisanu m'mawa, Falesi asanavale n'komwe yunifolomu. Anaima pa thanki yagalasi yosungiramo nsombazo misozi ili chuchuchu. Pazenera, mphaka wawo Mpunga ankanyambita phazi lake ngati palibe chachitika.

"Ndiwe, mfiti iwe!" anakuwa Falesi.

Mchimwene wake Levison atamwalira chaka chatha, anasiya nsomba zisanu zamawangamawanga, Mpunga, ndi galu wotchedwa Bulaki. Galu ndi mphakayo anakulira limodzi. Kukazizira, ndipo kuno ku Dedza kumazizira zedi, ankagona pa saka imodzi kukhonde, Mpunga atadzipinda pamimba pa Bulaki. Koma mtima wa Falesi unali pa nsomba. Levison ankazithira madzi a pachitsime omwe ankayamba wawasiya m'beseni panja, ndipo Falesi ankaona ngati ndi ulesi chabe. Iye ankazipatsa madzi oyera mbee a m'ndowa yakumwa.

"Mwanawe," anatero amayi ake, "mphaka akagwira nsomba amadya, sasiya ikuyandama."

"Amazimenya ndi zikhadabo, amayi. Azimaliza zonse!"

Munthu wokwiya samva. Loweruka, amayi atapita kumsika, Falesi anaika Mpunga m'thumba n'kukwera naye phiri mpaka m'nkhalango ya paini. Bulaki anamutsatira akulira, koma iye anamubweza ndi miyala. Anamasula thumba, nalisiya pansi, n'kutsika osacheuka.

Lamlungu pochokera ku Misa, Falesi anasinthanso madzi, mtima uli m'malo. Posakhalitsa nsomba ziwiri zotsalazo zinayamba kuthamanga uku ndi uku, kenako zinakwera pamwamba zikuyasamula kukamwa. Mphakatu panalibe.

Amayi atalowa anaona jagi ili m'manja mwake.

"Madziwo watunga kuti?"

"M'ndowa yakumwa. Si ndiwo abwino?"

"Mayo ine! Chiyambire kolera ndimathiramo kolorini amene alangizi a zaumoyo anatipatsa. Ifetu amatiteteza, koma tinsombato tingapirire?"

Falesi ananunkhiza jagiyo. Fungo lake linali lomvekeratu, ndipo analimva masiku onsewa osaliganizira. Anathamangira kuchitsime kukatunga madzi, nasamutsira nsombazo m'beseni. Imodzi inafa ali chiyang'anire. Inayo inatsalira pangodya, ikupuma movutikira.

"Nanga Mpunga ali kuti?" anafunsa amayi. "Kuyambira dzulo sindinamuone."

Falesi anawauza zonse atazolika. Amayi sanamukalipire. Anangokhala pampando n'kunena motsitsa, "Uja analeredwa ndi mchimwene wako, mkaka akumumwetsa ndi supuni."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa chikwapu. Anakweranso phiri, Bulaki ali patsogolo akununkhiza. Nkhungu inali itatsika, moti mitengo inkaoneka mwa apo ndi apo. Anaitana "Mpunga! Pusi, pusi!" mpaka mawu anasasa. Anapeza thumba lokha, litanyowa ndi mame.

Tsopano Falesi amatunga madzi pachitsime n'kuwasiya m'beseni panja, ndipo nsomba ija ilipobe. Madzulo aliwonse amaika mbale ya Mpunga kukhonde, koma amadyamo ndi akhwangwala. Bulaki anaonda. Amagonabe pa saka ija, chakumphepete kwenikweni, atasiya malo a mnzake.