Chinthu Chakhumi pa Chikwangwani cha Hotela

Lachisanu lina madzulo, a Penti ankatsuka maburashi m'kachipinda kawo ka pansi pa masitepe a hotela. Dzinali anawapatsa ndi anthu, chifukwa zikwangwani zonse za m'tauni muja, kuyambira cha wometa tsitsi mpaka cha wokhoma mabokosi a maliro, zinatuluka m'manja mwawo. Kachipindako anawabwereka ndi alamu awo, eni hotelayo, ndipo alamuwo sankalola kuti tsiku lidutse osawakumbutsa.

Vuto linayamba miyezi itatu m'mbuyomo. Tauniyo ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa mapiri. Msewu weniweni ndi umodzi, kwina konseko ndi masitepe. Alendo ankavutitsa alamu ndi funso limodzimodzi: kodi muno munthu angachite chiyani? Alamu atatopa analamula chikwangwani chachikulu cha pakhomo: ZINTHU KHUMI ZOCHITA M'TAUNI MUNO. Khumi ndithu. Ankati mlendo akaona zisanu ndi zinayi amaganiza kuti tauniyo ndi yosauka.

A Penti anayesetsa. Analemba za wotchi yaikulu ya pamsika, imene imachedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri chiikireni. Analemba za mlatho wachitsulo, nyumba yosungiramo zakale ya zipinda ziwiri, shopu ya mabuku akutha, ndi benchi ya pa positi ofesi pomwe phiri limaoneka lonse. Pa chachisanu ndi chinayi zinthu zinali zitawathera, moti analemba kuti "Kameteni tsitsi." Chakhumi chinakaniratu.

Penti inkauma, dzuwa linkapendeka. Basi anangolemba: "10. Dzuwa likalowa, kwerani masitepe a kuseri kwa msika. Pa sitepe ya makumi anayi pali chitseko chobiriwira. Mayi wa tiyi akulandirani." Pambali pake anajambula kamayi katanyamula ketulo. Burashi inali yonenepa, malo ochepa, ndiye dzanja lililonse analipatsa zala zinayi. Ndani amawerenga zala za pa chikwangwani?

Pa sitepe ya makumi anayi panalibe chitseko. Panali khoma la nyumba yosungiramo simenti, ndipo a Penti ankalidziwa bwino, poti ndi iwo amene analembapo kuti OSAKODZA PANO. Ankadalira miyendo ya alendo: palibe amene akanapitirira sitepe ya makumi awiri.

Koma alendo anayamba kubwerako akuyamikira. Aphunzitsi awiri opuma pantchito anati tiyi wotere sanamwepo. Dalaivala wa lole anapitako masiku atatu otsatizana. A Penti ankangomwetulira. Munthu amene wachita thukuta kukwera phiri savomera msanga kuti wapeza khoma.

Ndiye madzulo a Lachisanu lija alamu anasuzumira m'kachipindamo.

"Alamu, mawa mundiperekeze ku nambala teni."

"Mawa lomweli?"

"Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimapuma. Alendo onse akungokamba za mayi ameneyu, ine mwini chikwangwani sindimudziwa. Ndinabadwira muno, koma chitseko chobiriwira sindinachionepo."

"N'chobiriwira pang'ono chabe. Mwina n'chifukwa chake."

"Mawa. Ndipo ngati mwakhala mukunamiza alendo pakhomo panga, zitini zanuzi muzikagona nazo kuchipinda kwa mlongo wanga. Muno ndiikemo makatoni a sopo."

Alamu atachoka, a Penti anaika kachitini ka penti yoyera m'thumba la jekete. Nzeru yawo inali yapafupi: kufufuta nambala teni, m'mawa n'kunena kuti mayiyo wasamuka. Anaima kutsogolo kwa chikwangwani, burashi ili m'manja. Sanafufute. Funso lina linkawakanda mumtima: kodi anthu onsewa amamwa chiyani kumeneko?

Inali itangopitirira sikisi koloko. Nkhungu inali itatsika kuphiri, amalonda a pamsika akumanga katundu. A Penti anazungulira kuseri n'kuyamba kukwera, akuwerenga.

Khumi. Galu wa mlonda anawatsatira, kenako anasintha maganizo.

Makumi awiri. Nyali yomaliza ya mumsewu inatsalira kumbuyo.

Makumi atatu. Phokoso la msika linaduka kamodzi, ngati wina waliphimba ndi bulangeti. Ankangomva nsapato zawo zokha. Kenako fungo la tiyi.

Makumi anayi.

Chitseko chinalipo. Chobiriwira chake chinali chomwe chija amasakaniza okha, chothira chikasu pang'ono. Anachisisita ndi chala n'kumva mizere ya burashi. Mawu aja a OSAKODZA PANO anali atasendera kumanzere kuti apereke malo.

Asanagogode, chinatseguka.

"Mwachedwa, bambo. Lowani, nkhungu ingalowe."

Anali mayi wamfupi, wanyamula ketulo. Nkhope yake inali yosalala, yoti munthu ukangotembenuka waiiwala. A Penti anayang'ana dzanja la pa ketulo. Zinayi. Anayang'ana linalo. Zinayi.

M'katimo munali matebulo atatu ndi nyali imodzi. Pakona panali banja lina logona ku hotela, mwamuna ndi mkazi, akumwa tiyi mwamtendere. Anawagwedezera mutu a Penti ngati anthu okumana kubanki. Zenera munalibe. Khomo lina munalibenso.

Mayi uja anawathirira. A Penti anaganiza zokana, koma chidwi chinaposa nzeru. Analawa. Tiyi anali wabwinodi, ndipo zimenezi zinawapweteka mtima pang'ono.

"Kodi mayi, kwanu n'kuti?"

"Mukufunsa ine? Ndimati mundiuza ndinu."

"Nanga dzina?"

"Simunalembe."

A Penti anakhosomola. "Bwanji osatula ketuloyo? Ikuoneka yolemera."

"Munandijambula nditanyamula. Miyezi itatu tsopano, bambo. Chiimire. Mpando simunandipatse."

Maso ake anatsikira pa thumba la jekete. "Muli penti yoyera mmenemo."

"Ndi ya ntchito ina."

"Mukafufuta, awiri awo atulukira pati? Ndipo ine ndipita kuti?"

A Penti anayang'ana banja lija. Mkazi ankaseka nthabwala ya mwamuna wake, akutakasa shuga.

"Komatu tikhoza kumvana," anatero mayiyo. "Pali tinthu tingapo timene ndikufuna."

Apa mantha anachepa. Munthu wofuna kanthu, ngakhale akhale wa zala zinayi, ndi kasitomala.

"Tiyeni timve."

"Mpando. Tebulo lotulapo ketulo. Zala zanga ziwiri. Zenera loyang'ana kutauni. Ndi masiku atatu opuma."

"Mayi, chikwangwani chija si khoma la tchalitchi. Malo ndi ochepa. Mpando ndi chala chimodzi."

"Chimodzi ndichite nacho chiyani? Mukufuna alendo azindiseka?"

"Ziwiri, koma zenera muiwale."

"Ndiye tebulo likhalepo."

"Katebulo. Ndi tsiku limodzi lopuma. Ometa tsitsi amapuma limodzi, ndipo iwo ali ndi mabanja."

Mayiyo anaganiza, ketulo ikutulutsa nthunzi. "Nanga inu mukufuna chiyani?"

"Mawa ndibwera ndi alamu anga. Muwalandire bwino."

"Aja obadwira muno? Sadzaona kanthu. Anthu a muno amadziwa kale kuti pano ndi khoma, ndiye amapeza khoma. Inu mwaona poti munalemba nokha."

A Penti anaona m'maganizo makatoni a sopo akulowa m'kachipinda kawo, limodzi limodzi. Anamwanso tiyi. Kenako anatula kapu pang'onopang'ono.

"Tsiku lopumalo likhale Loweruka."

"Lililonse. Sindinaonepo ndi limodzi lomwe."

Anagwirana chanza. Dzanja la mayiyo linali louma, lozizira, lathyathyathya ngati thabwa. A Penti anatsika masitepe osawerenganso.

Isanakwane eyiti koloko anali atamaliza, pansi pa nyali ya pakhomo la hotela. Mpando, katebulo, ketulo ili pamwamba pake, zala zisanu uku ndi uku. Pansi pake, ndi zilembo zooneka bwino: KOTSEKA LOWERUKA. Banja lija linadutsa a Penti akutsuka burashi, n'kuwafunira usiku wabwino.

M'mawa alamu anatuluka atavala nsapato zokwerera phiri. Anaima, n'kuwerenga kawiri.

"Mawu awa analipo dzulo?"

"Alamu, chikwangwani chanu chomwe simuchiwerenga mpaka pansi?"

Alamu anang'ung'udza, nakavula nsapato. Zitini zinakhalabe m'malo mwake. A Penti anayamba ntchito akuimba mluzu, podziona kuti pa malonda a dzulo apambana ndi iwo.

Chimene sanafunse n'chakuti munthu akapatsidwa tsiku lopuma amapita kuti.

Masana wogulitsa mabuku anabwera kudzakonzetsa chikwangwani chake. Anati kushopu kwake kunafika mayi wina wamfupi, anagwira buku lililonse ndi chala chaching'ono, osagula. Kenako kunabwera wometa, maso ali tong'o. Mayi yemweyo anakhala pampando wake, koma makina ankangoterereka pamutu osadula kanthu. Mayiyo anathokoza, nati chachisanu ndi chinayi chatheka. Ena anamuona pa mlatho. Ena pansi pa wotchi, akuiyang'ana kwa ola lathunthu.

Dzuwa likulowa, alamu anaitana a Penti kumalo olandirira alendo. Mayi uja anali pamenepo, manja onse awiri atawayala pa kauntala.

"Alamu, mayi awa amaliza zonse zisanu ndi zinayi tsiku limodzi," anatero alamu mosangalala. "Chakhumi n'chotseka lero. Akufunsa ngati pali china. Ndaona kuti pansi pa chikwangwani patsala malo. Muonjezerepo chakhumi ndi chimodzi mwezi uno usanathe, apo ayi sopo uja akadalipo."

"Chilichonse, bambo," anatero mayiyo, akuwayang'ana a Penti. "Bola akhale munthu woti ndizicheza naye. Mumupatse dzina ameneyo."

Mwezi unatha, a Penti anapempha wina. Anati penti yoyenera sinafike. Kenako anati burashi yathothoka. Malo aja akadali oyera, alamu akuwerenga masiku, ndipo Loweruka lililonse mayi wamfupi amakhala pa benchi ya pakhomo la hotela, moyang'anizana ndi kachipinda ka pansi pa masitepe. Amangodikira.

Anthu a pamsika amanong'onezana kuti a Penti ukalamba wawalowa m'manja, chifukwa masiku ano amalemba mawu okhaokha, chilichonse cha maso ndi miyendo amakana. Ena amati ndi ulesi. Wogulitsa nyama ndi amene anawakakamiza kwambiri, pofuna nkhunzi yaikulu ya nyanga zazitali pamwamba pa shopu yake. A Penti anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anamufunsa motsitsa mawu:

"Ikabwera, muli ndi poisunga?"