Cholembedwa Pamwamba Sichibwerera

Anakumana mu shopu yosindikiza mapepala ndi zithunzi, momwe Mzime ankagwira ganyu podikira zotsatira za mayeso. Dzinali linachokera kunyumba, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo linamukakamira mpaka kuntchito.

Mnyamatayo analowa kamera ili pakhosi, shati yoyera mbee ngati sanadutse pamsewu wafumbi.

"Asisi, mundisindikizire zithunzi izi. Koma musandiyang'ane choncho, ndingaiwale chomwe ndabwerera."

"Iwalani, mutu ndi wanu," anayankha Mzime. Koma pepala analiika chozondoka m'makina, kawiri konse!

Anthu ankangomutcha Wakamera, chifukwa ankajambula maukwati ndi maphwando. Sabata isanathe, foni ya Mzime inali itasiya kupuma.

"Duwa langa, wadzuka?"

"Ndikamajambula akwati, mu velo ndimaona iwe."

Mtsikana wake uti akanapirira mawu otere?

Tsiku lina Mzime anamuuza za chuma chake chokhacho. Inali hadi disiki yakale, yakuda, yosungidwa m'kabati pakati pa nsalu za malemu amayi ake. Mmenemo munali vidiyo imodzi: amayi ali pa makina osokera, akumusokera diresi, akuimba molakwitsa mawu, akudziseka okha. Foni yomwe anajambulira inabedwa kalekale. Kwina kulikonse vidiyoyo kunalibe.

"Chimandiwawa n'chakuti makina amasokosa kuposa mawu awo," anatero Mzime.

"Basi? Bwera nayo, wapamtima. Phokosolo ndilichotsa, amayi azimveka ngati ali pambali pako. Ndiisamala ngati dzira, ndikulumbira!"

Achimwene ake a Mzime ankakonza makompyuta kunyumba komweko, patebulo lodyera lomwe linali litasanduka la timisomali ndi zingwe. Anali atamuuzapo kale: "Disiki imeneyo isatuluke ndisanaikopere pena." Koma tsiku lokoperalo linkangokhala mawa. Mzime analibe mtima wodikira. Anaikulunga mu mpango, naiponya m'chikwama.

Mwezi unatha. Wina unayamba.

"Mawa, bebi, ntchito zandipanikiza."

"Mawa lako lilibe dzuwa kodi? Ndibwezere disiki yanga!"

Atatopa ndi kukakamizidwa, Wakamera anabwera nayo kushopu. Anaiika pa kauntala osamuyang'ana m'maso.

"Yafa. Yangofa yokha, zinthu zakale izi. Itaye, ndikugulira yatsopano."

"Nditaye? Ukudziwa ali mmenemu ndi ndani?"

"Usakweze mawu, anthu akutiona."

"Atione!"

Loweruka m'mawa Mzime anaima patsogolo pa tebulo la achimwene ake, disiki ili m'manja, naulula zonse. Iwo anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Unapereka amayi kwa mnyamata wa mafuta onunkhira uja?"

"Inunso mukanakopera! Chaka chonse mawa, mawa!"

Anayang'anana ngati atambala awiri. Kenako achimwene anatambasula dzanja.

"Bweretsa."

Anaitembenuza, nasisita pangodya ndi chala.

"Akuti yafa yokha? Nanga mng'aluwu? Inagwa pansi iyi, ndipo polowera chingwe pathyoka."

Anamasula chikuto chapulasitiki, natulutsa kachitsulo kamkati.

"Tsegulaninso kameneko," anatero Mzime.

"Ukufuna tiimalize? Mkati mwenimwenimo simutsegulidwa m'nyumba muno. Kafumbi kamodzi kokha, zonse zatha."

Analumikiza chingwe china, naika kachitsuloko pakhutu ngati namwino womvera mtima wa khanda.

"Ikuzungulira. Sikugogoda. Ikanagogoda ndikanaizimitsa pompano."

"Ndiye tsegulani tione!"

"Wodwala sathamangitsidwa, iwe. Tiyamba takopera zonse pa disiki yanga, mwapang'onopang'ono. Tikafufuze pa zokoperazo. Iyi ikhoza kukomoka nthawi iliyonse."

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa kompyuta ngati nkhono. Mzime anasesa m'nyumba mosesedwa kale. Anatsuka mbale zotsuka kale. Chimwemwe chitamupitirira, analemba meseji:

"Dalo, disiki yadzuka! Achimwene aitha!"

Munthu amene masiku onsewa ankayankha dzuwa litapendeka anayankha nthawi yomweyo.

"Usatsegule chilichonse! Muli ntchito za makasitomala. Ndibwera mawa ndidzatenge. Ndimakukonda, duwa langa."

Ntchito za makasitomala? Mu disiki ya amayi ake?

Masana kukopera kunatha. Achimwene anatsegula. Foda yolembedwa kuti "Amayi" munalibe. Munali ina yatsopano: "Mtima Wanga".

Mzime anamwetulira mosafuna. Mwina Wakamera anali kumukonzera chomudzidzimutsa?

Vidiyo inatseguka. Wakamera anali atagwada pa udzu, kabokosi ka mphete kali m'manja, atavala shati yoyera yomwe Mzime anamusitira ndi manja ake. Patsogolo pake panaima mtsikana wina wamtali, akudzigwira pakamwa.

"Duwa langa," ankatero mu vidiyomo, "ndikamajambula akwati, mu velo ndimaona iwe."

Ngakhale mawu osasintha! Galu ameneyu!

Achimwene anafuna kutseka. Mzime anawagwira dzanja. Maso ake anali ouma gwa.

"Za hule wamwamunayu ndaziona. Amayi ali kuti?"

Achimwene anatsegula pulogalamu yofufuza zofufutidwa. Inakumba mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Mafayilo akale anayamba kutuluka opanda mayina, manambala okhaokha. Zithunzi zina zinabwera theka, kumunsi kuli mbuu ngati phulusa. Mzime ankatsegula chimodzichimodzi.

Mwadzidzidzi, makina osokera analira m'nyumbamo.

Amayi! Ndi mpango wawo kumutu, singano ili pakona pa mlomo. Anadzutsa mutu, nailavulira m'dzanja.

"Mzime, tayandikira ndikuyese m'chiuno, wanenepa iwe..."

Chithunzi chinauma. Nyimbo ija kunalibe. Kuseka kuja kunalibe.

"Pitirizani! Achimwene, pitirizani!"

"Zathera pomwepo."

"Fufuzaninso! Si inu katswiri?"

Achimwene anapukuta magalasi omwe sanali akuda.

"Mnyamata wako ankafuna malo. Anafufuta zonse, n'kuthiramo zake. Chofufutidwa chimabwerera, mlongo wanga, malinga malo ake akhale osakhudzidwa. Koma cholembedwa pamwamba sichibwerera. Nyimbo ya amayi ili pansi pa mphete imene ija."

Apa ndiye Mzime analira. Sanalirire chibwenzi ayi. Amuna ali mbwee, amalowa mushopu tsiku lililonse. Koma kuseka kwa amayi akanakakugula kuti?

Atapukuta nkhope, anafunsa ndi mawu ozizira:

"Mwati cholembedwa pamwamba sichibwerera?"

"Ngakhale kwa akatswiri a zipangizo zodula."

"Kachidutswa ka amayika kasungeni mu foni yanga, mu yanu, paliponse. Mukatero mundiphunzitse kufufuta ndi kulemba pamwamba. Pa disiki zonse ziwiri."

Achimwene anamukankhira mpando.

"Khala apa. Uchite ndi dzanja lako."

Lamulungu masana Wakamera anafika, atanyamula disiki yatsopano m'bokosi lomanga ndi riboni.

"Odi! Alamu, muli bwanji?"

"Alamu ako ali kwa wamtali uja," anayankha achimwene, osadzutsa mutu.

Kumwetulira kunagwa.

"Bebi, ndikufotokozere. Uja ndi makolo akundikakamiza. Mtima wanga uli kwa..."

"Za mtima wako usandiuze, ndauona, uli ndi foda yakeyake. Unafufutiranji amayi anga?"

"Ndinkayesa uli nayo pena."

"Ndinakuuza kuti ndi yokhayo! Unalumbira! Dzira lija ndi limeneli?"

"Disiki yanga inadzaza tsiku la mphete lomwelo, ndikanatani? Pepa. Koma chonde, mafayilo aja ndipatse. Mtsikanayo akundivutitsa, abale ake akufuna kuonera, ndipo mu kamera ndinafufutamo kale."

Mzime anaseka kuseka kosakoma. Pepa wake anali waufupi kuposa pempho!

"Khala pansi. Disiki ndi iyo, tsegula wekha."

Wakamera anakhala msangamsanga. Mafayilo anali ndandanda, odzaza mpaka pakamwa. Anatsegula yoyamba.

"Mzime, tayandikira ndikuyese m'chiuno..."

Anatsegula ina.

"Mzime, tayandikira..."

Anatsikira pansi penipeni, thukuta lili kamukamu pamphumi. Inanso. Inanso. Paliponse amayi, singano m'dzanja, akuitana mwana wawo.

"Wachita chiyani? Mphete yanga ili kuti?"

"Ili pansi pa amayi."

"Alamu, inu mumatha izi! Ndikulipirani!"

"Mwana wa sukulu wanga akuuza," anatero achimwene.

Mzime anazula chingwe, nakulunga disikiyo mu mpango wake.

"Cholembedwa pamwamba sichibwerera, dalo. Ukagwadenso, mawu ake ukuwadziwa pamtima. Nyamula bokosi lakolo, utuluke!"

Chitseko chitatsekeka, m'nyumba munangoti zii. Mzime anatulutsa foni, naikweza mawu mpaka pamapeto.

"Mzime, tayandikira..."

Anakoka mpando, nayandikira.